Fulemu ya track m'misewu ya Mangochi: yezani kaye musanagule kanthu

Owerenga wina wa ku Mpondasi watilembera kuti achimwene ake amutumizira fulemu ya njinga ya track, ija ya mpikisano wa pabwalo, kuchokera ku Joni, fulemu ndi foloko basi. Akufuna kuimanga kuti ikhale fixed gear, njinga ija mapedulo ake sasiya kuzungulira tayala likamayenda, kuti azipitira kuntchito pa Boma. Akufunsa ngati zingatheke ndi zitsulo za pamsika, komanso giya woyenera kuno.

Achimwene, zitheka, ndipo Mangochi ndi malo abwino a njinga yotere chifukwa kuchokera pa Boma kulowera ku Liwonde kapena ku Nkopola msewu ngosalala, zitunda n'zochepa. Koma fulemu imeneyo anaipangira bwalo la mpikisano la matabwa kapena simenti, kopanda mchenga, kopanda mbuzi, kopanda wa kabaza wokhota mosayang'ana m'mbuyo. Ntchito yanu yonse ndi kuisandutsa njinga ya mumsewu, ndipo imayamba ndi tepi yoyezera, ndalama zikadali m'thumba.

Yambani ndi mpata wa tayala. Fulemu za track zimalowa malimu a 700c, amene pokhala tayala ndi mamilimita 622. Apa m'pamene ambiri amatayira ndalama: matayala a njinga zakuda za kabaza amalembedwa 28 x 1 1/2, ndipo ena a 700c nawonso amalembedwa 28, koma a kabaza aja ndi 635. Sangagwire pa limu yanu, ndipo limu ya kabaza siingalowe mu fulemu yanu. Muziwerenga manambala ang'onoang'ono a m'mbali mwa tayala, monga 28-622. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Fulemu zambiri za track zimalola 23 kapena 25, zina 28. Ikani lonenepa kwambiri limene lingalowe n'kutsala mpata wa mamilimita 3 kapena 4 mbali zonse, chifukwa matope a mu Januwale akamata pa tayala lothina amapala utoto mpaka chitsulo kuonekera. Fulemu ikakana 28, dziwiranitu kuti pa tala muziuluka, koma tinjira tamchenga ta kunyanja muzitsika n'kukankha. Machubu ake kawirikawiri ndi a valavu yopyapyala ya Presta, imene mapampu ambiri a pansi pa mtengo sagwira, choncho pezani kachitsulo kolumikizira ndipo muzikhala ndi machubu awiri osungira.

Kenako yang'anani pamutu pa foloko ngati pali bowo la buleki. Mafoloko enieni a track alibe. Pa nkhani iyi sitinyengerera: buleki ya kutsogolo iyenera kukhalapo. Inde miyendo imatha kuchepetsa liwiro mukamakaniza mapedulo, koma poima mwadzidzidzi kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kumangoseseleka. Mwana akadumphira mumsewu pafupi ndi msika, chokuimitsani ndi tayala lakutsogolo. Ndiponso tcheni chikaduka kapena kuvuka, njinga yopanda buleki ilibenso choiimitsa. Foloko ya carbon, ija yopepuka yosakhala yachitsulo, musaiboole zivute zitani. Yachitsulo imatha kubooledwa ngati mutu wake uli wochindikala, koma chanzeru n'kupeza foloko ya njinga ya mumsewu yoboola kale, mutayeza ngati mpini wake wolowa mu fulemu ndi wa inchi 1 kapena 1 1/8.

Tsopano habu yakumbuyo, chitsulo cha pakati pa gudumu chija, pamene pagona nkhani yonse. Mpata wa pakati pa miyendo yakumbuyo ya fulemu ya track ndi mamilimita 120. Habu yake ili ndi mazinga awiri mbali imodzi: aakulu, omangira kumanja, ndi a sipuloketi, kambale ka mano kokokedwa ndi tcheni; aang'ono pang'ono, omangira kumanzere, ndi a kamphete kotchedwa lockring. Chifukwa chake n'chakuti mukakaniza mapedulo, sipuloketi imafuna kumasuka, ndiye pomasukapo imakankha kampheteko kulowera komwe kamamangira, zonse n'kulumana. Habu wamba ya filiwilo ili ndi mazinga amodzi okha. Sipuloketi ya track imalowapo bwinobwino, n'chifukwa chake anthu amanyengeka, koma tsiku lina mukadzakaniza mwamphamvu idzamasuka, mapedulo n'kungozungulira mwa mphepo. Wina akuuzani kuti angowotcherera filiwilo kuti igwire ntchito ngati fixed gear. Kanani. Filiwilo yowotcherera imamasuka yonse pa habu chimodzimodzi. Habu ndi chinthu choti muitanitse ndithu, kaya kwa achimwene anu omwewo, ndipo ikhale ya flip-flop, yokhala ndi mazinga mbali zonse, kuti mbali inayo muikeko filiwilo ya tsiku lotopa. Tsiku lotembenuza tayalalo mudzafunikanso buleki yakumbuyo. Werenganinso mabowo a sipoko: habu ya 32 imafuna limu ya 32, ya 36 limu ya 36. Kuluka gudumu asiyireni amisiri a njinga. Amene amawongola malimu a kabaza tsiku ndi tsiku ntchitoyi amaidziwa.

Pomanga, pakani girizi pa mazinga, lowetsani sipuloketi ndi dzanja mpaka ifike, phewa lake litaloza mkati. Limbitsani, mangani lockring. Ndiye kwerani njinga, pondani mwamphamvu kupita kutsogolo pokha, monga pokwera mlatho wa Bakili Muluzi, osakaniza n'kamodzi komwe. Sipuloketi ilowa pang'ono ndithu, kamphete kaja n'kukhwepa. Tsikani, kalimbitseninso. Mukadumpha zimenezi, sipuloketi imayamba kugwedera uku ndi uku ndipo imadya mazinga a aluminiyamu a habu mpaka kutha. Habu yotero ndi yotaya.

Za giya. Mano a mbale yakutsogolo muwagawe ndi mano a sipuloketi; yankho likakula, giya amalemera. A mpikisano amakonda zolemera monga 48 kwa 15, ndiye kuti mano 48 kutsogolo ndi 15 kumbuyo, koma inu mukufuna kunyamuka msanga pa mphambano, komanso kulimbana ndi mphepo ya mwera m'miyezi yozizira. Ife tikuti 46 kwa 17. Ndi tayala la 28-622, kuzunguza mapedulo kamodzi kumakuyendetsani mamita pafupifupi 5.8, ndiye mukamapalasa maulendo 70 pa mphindi muli pa makilomita 24 pa ola. Ngati muzinyamula chikwama cholemera, 44 kwa 17 ndi yofewa bwino. Nambala ya 17 tayisankha dala. Mukamaseseleketsa tayala, miyendo imaima malo amodzimodzi, ndipo ndi 48 kwa 16 tayala limadyeka pa malo amodzi okha mpaka ulusi kuoneka, pamene ndi 17 kudyekako kumagawikana malo 17. Phiri lokwera ku Namwera ndi nkhani ina: kukwera mungavutike n'kufika, koma kutsetsereka kwake pa fixed gear miyendo imazungulira kuposa momwe mungaigwirire. Kumeneko tembenuzani tayala.

Tcheni chizikhala mu mzere woongoka. Pa track mzerewu uli pafupifupi mamilimita 42 kuchokera pakati pa njinga. Kutsogolo yezani kuchokera pakati pa paipi ya chishalo kufika pa mano a mbale. Kumbuyo yezani kuchokera mkati mwa mwendo wa fulemu kufika pa mano a sipuloketi, muchotse pa 60, theka la 120 uja. Mukapeza 18, ndiye kuti 60 kuchotsa 18 ndi 42. Zikasiyana kupitirira mamilimita 2, tcheni chimalira, mano amadyeka mbali imodzi, ndipo chitha kuvuka. Chokonza ndi kutalika kwa ekiselo ya mapedulo, choncho gulani mikono ya mapedulo kaye, ekiselo pambuyo. Chibowo chake pa fulemu zambiri ndi cha mamilimita 68, ndipo kapu ya kumanja yogwira mabelingi imamangira kumanzere; ambiri amaononga mazinga poikakamiza. Mikono ya kotapini isiyeni, imakhwepa ikamakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Sankhani ya mamilimita 165, chifukwa pokhota simungaimitse pedulo m'mwamba, ndipo yaitali imatha kugunda pansi n'kukuponyani.

Chosangalatsa n'chakuti tcheni cha njinga za kabaza ndi cha inchi 1/8 m'lifupi, saizi yomweyo ya track, ndiye chimapezeka paliponse. Cha 1/8 chimayenda pa mano onenepa ndi opyapyala omwe, pamene cha 3/32 sichilowa pa onenepa. Kokerani tayala m'mbuyo, mangani manati ndi sipanala ya 15 mosinthanasinthana, tayala lili pakatikati. Zunguzani mapedulo pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene tcheni chathina kwambiri, popeza palibe mbale yozungulira ndendende, ndipo pamenepo chizisewera pafupifupi sentimita imodzi. Chothinitsa chimapha mabelingi, cholendewera chimavuka. Mchenga wa kuno ukasakanizika ndi oilo umapera tcheni ngati mphero, ndiye dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kenako pukutani kunja kuume. Popukuta musazunguze tayala nsanza ili m'manja. Pa fixed gear chala chikakodwa pakati pa tcheni ndi mano, gudumu siliima. Mwendo wa buluku wakumanja nawonso muziupinda.

Mapedulo akhale ndi malamba ogwira phazi, apo ayi phazi likaterereka pa liwiro pedulo imakumenyani pa msongolo ndipo kuipezanso n'kovuta. Masiku oyamba kayesereni pabwalo la mpira m'mawa dzuwa lisanakwiye, malamba ali okhwepa. Pokhota pang'onopang'ono chala cha nsapato chitha kukhudza tayala lakutsogolo, poti fulemu za track n'zazifupi. Phunzirani kukhota phazi lakunja lisali kutsogolo. Ndipo pa mahampu a mumsewu wa M3 thupi lidzafuna kuima pa mapedulo monga munazolowera, njinga n'kukunyamulani pa chishalo. Chepetsani liwiro ndi buleki musanafike, dzukani pang'ono, miyendo izipalasabe mpaka tayala lakumbuyo litadutsa.