Siren anali mbalame kapena nsomba?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 anawaonetsa chithunzi cha mtsuko wakale wa Agiriki, pomwe pali ngalawa, munthu womangidwa pa mlongoti wake, ndi mbalame zitatu za nkhope ya mkazi. Pansi panalembedwa kuti Siren. Iwo ankadziwa kuti Siren ndi mkazi wa mchira wa nsomba. Akufunsa ngati olembawo analakwitsa, komanso ngati izi sizaufiti ngati zija za kadzidzi.

Mayi, sanalakwitse ayi. Mtsuko mwafotokozawo uli ku British Museum ku London. Unaumbidwa cha m'ma 480 Khristu asanabadwe, ndipo unapezeka ku Vulci m'dziko la Italy. Kwa Agiriki a nthawi imeneyo Siren anali mbalame ya mutu wa mkazi. Nsomba inabwera pambuyo kwambiri.

Womangidwayo ndi Odysseus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, akubwerera kwawo kuchokera ku nkhondo ya ku Troy. Homer, mlakatuli wakale wa Agiriki, m'ndakatulo yake ya Odyssey, sanena n'komwe za maonekedwe a akaziwa. Amangoti amakhala padambo n'kumakopa apanyanja ndi nyimbo yawo, mafupa a anthu ali mbwee mowazungulira. Odysseus anamata phula m'makutu mwa opalasa ake, iye n'kuuza kuti am'mange zolimba kuti amve nyimboyo koma asadumphire m'madzi. Chomwe chimandigwira mtima ndi zomwe nyimboyo inkalonjeza. Za thupi munalibe. Akaziwo ankati akudziwa zonse zimene anthu anavutika nazo ku nkhondo ya ku Troy, ndi zonse zochitika pa dziko lapansi. Taganizani munthu amene wamenya nkhondo zaka khumi, anzake ambiri anatsala komweko, ndiye wina akumuitana kuti bwera, ife tikudziwa zomwe unaona. Ndani angapitirire osatembenuka?

Pa funso lanu la kadzidzi, ndikumvetsa kumene lachokera. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga usiku, m'mawa anthu amadzuka ndi mantha. Agiriki nawonso ankalumikiza mbalame ya mkaziyi ndi imfa, koma mwa mtundu wina. Ku manda akale a Kerameikos mu mzinda wa Athens kunapezeka ziboliboli za Siren zoimikidwa pamanda, zina zitanyamula zeze. Pa miyala ina ya pamanda amaoneka akudziguguda pachifuwa, akuzula tsitsi. Ameneyo ndi wolira maliro. Ine ndikaona zimenezi ndimakumbukira amayi amene amachezera pa siwa usiku wonse akuimba, kuti womwalirayo asakhale yekha. Aiguputo nawo ankajambula mzimu wa munthu wakufa, womwe ankautcha ba, ngati mbalame ya mutu wa munthu.

Musasokoneze ma Siren ndi ma Harpy, omwenso ndi akazi amapiko. Amenewo ndi akuba, ankakwatula chakudya cha mfumu yakhungu Phineus.

Nanga mchira wa nsomba? Buku lina la Chilatini lofotokoza zilombo, Liber Monstrorum, la cha m'ma 700, ndi limodzi mwa oyamba kunena kuti Siren ndi namwali kumtunda, nsomba kumunsi. Kwa zaka mazana angapo ojambula ankasakaniza, ena kuika mapiko ndi mchira pamodzi, mpaka nsomba inapambana. N'chifukwa chake abale athu a ku Mozambique akamva liwu la Chipwitikizi lakuti sereia amaganiza za mkazi wa m'madzi.

Koma chinasintha kwambiri si mchirawo. Isidore, bishopu wa ku Seville amene anamwalira mu 636, analemba kuti ma Siren kwenikweni anali akazi oyendayenda osaukitsa apaulendo. Alaliki anaigwira imeneyi, ndipo ojambula anapatsa Siren kalilole ndi chipeso. Mkazi wodziwa zonse uja, wolira maliro uja, anasanduka chenjezo kwa amuna kuti asamale ndi akazi okongola. Izi zimandipweteka ndithu, chifukwa nzeru zake zinachotsedwa, n'kumusiyira mlandu wokha.

Dzina lake timalimvabe mumsewu. Sayirini ya ambulansi inatengera dzina kwa iyeyu, kudzera mwa Mfalansa Cagniard de la Tour amene anatcha chipangizo chake choncho mu 1819.

Mukakhala pansi ndi mwana wanuyo, muonenso bwino chithunzicho. Mbalame ziwiri zili pamiyala. Yachitatu ikugwa chamutu kulowera kunyanja, maso ali otseka. Nthano ya pambuyo pake imati ma Siren anayenera kufa tsiku limene munthu adzamve nyimbo yawo n'kudutsa wamoyo.