GTA VI ndi gemu ya maso okha? Kuyankha amene munandilembera

Imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kulemba, chifukwa mwagunda pachilonda changa chakale. Mwafunsa ngati GTA VI (Grand Theft Auto VI, gemu yatsopano ya kampani ya Rockstar) yaika mtima wonse pa kaonekedwe n'kusiya kaseweredwe, ndiponso ngati mugule PlayStation 5 panopa kuti gemuyi ikamatuluka idzakupezeni muli okonzeka. Mnzanu akuti ndi gemu ya maso okha, inu mukukana. Ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kaye kwina.

Zaka zingapo zapitazo panali gemu ina imene ndinaidikira ngati mvula yoyamba. Dzina lake sinditchula, ngakhale la amene anaipanga. Trailer yake, vidiyo yaifupi yotsatsira gemuyo, ndinaionera mpaka kuiloweza. Munali munthu akuyenda mumsewu usiku mvula itangokata, magetsi akunyezimira m'zithaphwi, nthunzi ikutuluka pakamwa pake akapuma, chikhoti chake chikupepeluka ndi mphepo. Ndinkaimitsa vidiyoyo pakati n'kumayang'anitsitsa madontho a madzi pagalasi la galimoto. Ndinasunga ndalama miyezi isanu, ndipo ndinalipiriratu gemuyo isanatuluke, osadikira kumva kwa munthu ngakhale mmodzi amene waigwirako.

Tsiku limene inatuluka ndinaitana mng'ono wanga kuti adzaone zodabwitsa. Tinazimitsa nyale, tinasendera pafupi ndi TV. Kukongola kunalipo ndithu, pamenepo sananame. Koma titakhala nthawi, mwanayo anandigwira paphewa n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi muyamba liti kusewera?" Nditayang'ana pansi ndinapeza pad, chida cha mabatani chosewerera gemu, ili pantchafu panga, kanyali kake katazima. Inali itadzizimitsa yokha chifukwa panadutsa mphindi zambiri ndisanadine batani lililonse. Nthawi yonseyo ndinkangoonera anthu ojambulidwa bwino akuyankhulana.

Pamene gemu inandipatsa mpata woyenda ndekha, ndinapeza kuti mzinda wonse uja ndi kanjira kamodzi. Mpaka lero ndimakumbukira chitseko china chachitsulo, utoto wake wosupuka, dzimbiri litadya m'munsi, chojambulidwa mwaluso moti umachita kumva fungo la chinyezi. Ndinachiyandikira, ndinadina mabatani onse, sichinagwedezeke n'komwe. Chinali chithunzi chabe chomatidwa pakhoma. Pafupi pake panali kampanda kofika m'mawondo, ndipo munthu wanga, amene mu trailer ankadumpha madenga, anakanika kukalumpha. Adani ankabisala kuseri kwa mabokosi n'kumasuzumira pamalo omwewo, nthawi yofanana, ngati akupempha chipolopolo. Mng'ono wanga anadzuka mwakachetechete n'kupita kuchipinda kukayatsa makina athu akale. Patangopita kanthawi ndinamumva akuseka yekha, akusewera gemu ya anthu a mitu yamakona ndi manja opanda zala. Yangayo ndinaimaliza m'masiku awiri, ndipo sindinaibwererenso. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama zinandiwawa, koma chinandiwawa koposa ndi miyezi yonse ija imene ndinkalota mzinda umene kunalibe.

Ndiye mukanditchulira gemu yokongola imene sinatuluke, mtima wanga umathamangira kwa mnzanuyo. Ndipo ali ndi pogwira. Mu 2005, pachionetsero cha magemu cha E3, anthu anaonetsedwa Killzone 2 n'kugwa nayo m'chikondi, koma vidiyoyo inali yokonzedweratu, yosonyeza pamene opangawo ankafuna kudzafika. Gemu yeniyeniyo inatuluka mu 2009. Watch Dogs inagwedeza E3 ya 2012 ndi mzinda wa Chicago wonyowa ndi mvula, koma itatuluka mu 2014 anthu anaika mavidiyo awiriwo moyandikana n'kuona kuti kuwala ndi utsi zachepa, ndipo ena anapeza zina mwa zokongoletsazo zitabisala m'mafayilo a gemu ya pakompyuta. Cyberpunk 2077 inatuluka pa 10 Disembala 2020. Olemba ndemanga anapatsidwa ya pakompyuta yokha isanatuluke, ndipo amene anagula ya PlayStation 4 ndi Xbox One anakumana ndi gemu yodukaduka. Patangotha sabata imodzi Sony, kampani yopanga PlayStation, inaichotsa pa PlayStation Store n'kuyamba kubweza ndalama, ndipo inabwererapo mu Juni 2021. Munthu amene anaona zonsezi akamakayikira trailer, simungamunene kuti ndi wansanje.

Koma pali mawu ena amene sindigwirizana nawo, ndipo ndikuganiza kuti mnzanuyo anawanenanso: akuti kaonekedwe kalibe ntchito. Onena zimenezi amathamangira kutchula Tetris, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow mu 1984 pakompyuta yoti inkangolemba zilembo, kapena Minecraft, gemu ya timabokosi imene yagulidwa kupitirira 300 miliyoni. N'zoona. Koma taganizirani chifukwa chake timabokosi ta Minecraft timagwira ntchito. Ukaona bokosi la mwala umadziwa kuti ungalikumbe, ukaona la mtengo umadziwa kuti ungalidule. Maso akuuza manja zochita. Mu The Legend of Zelda: Breath of the Wild ya 2017, pamakina ofooka poyerekeza ndi PlayStation 4, udzu umene ukuuona umayaka ukauyatsa, mpweya wotentha wa motowo umakukweza m'mwamba, mvula ikagwa miyala imaterera ukamakwera, ndipo ukanyamula lupanga lachitsulo kukuchita ziphaliwali, mphezi imakupeza. Kumeneko kukongola ndi kusewera n'chinthu chimodzi, sungazilekanitse. Chitseko changa chadzimbiri chija chinali chokongola kuposa chilichonse mu Zelda, koma chinkanamiza maso. Funso loyenera kufunsa gemu iliyonse n'lakuti: zimene ikundionetsazi ndingazigwire?

Ndipatukeko pang'ono. Mu Seputembala 2022 mavidiyo pafupifupi 90 a GTA VI yosamalizidwa anabedwa n'kufalitsidwa pa intaneti. Anthu ena anaiseka kuti ndi yonyansa, ena mpaka kunena kuti zithunzi n'zimene zimayamba kupangidwa, ndiye basi gemuyi idzaoneka choncho. Opanga magemu a m'makampani ena anayankha poonetsa mmene magemu awo otchuka ankaonekera pachiyambi: anthu opanda nkhope, nyumba za mabokosi otuwa, zilombo zooneka ngati zoseweretsa ana. Gemu yabwino imayamba ili yonyansa, opangawo akuyesa kaye ngati kudumpha, kuwombera ndi kuyendetsa galimoto kukukoma m'manja. Utoto umabwera pambuyo. Anthu omwewo amene anaseka mu 2022 kuti ndi yonyansa, ambiri ndi amene lero akudandaula kuti yakongola mopitirira. Zimenezi zimandikwiyitsa, chifukwa nthawi zonse ziwirizi akuweruza ndi maso okha, chinthu chomwecho chimene akuimbira mlandu opanga gemu.

Nkhawa yanga yeniyeni ili pena, ndipo ndikamalemba pano ikukulirakulira. Kukongola kofanana ndi moyo weniweni n'kodula, ndipo chinthu chodula mwiniwake amachiteteza kwa iwe wosewera. Taonani zaka izi. GTA III inatuluka mu 2001, Vice City mu 2002, San Andreas mu 2004, magemu atatu pa PlayStation 2 imodzi. San Andreas inali ndi mizinda itatu, Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas, ndi midzi ndi chipululu pakati pake. CJ, munthu amene umamulamula mugemuyo, ankanenepa, ankaonda, ankakula minofu, ankapalasa njinga, ankaulutsa ndege. Nkhope yake inali ya makona, koma dziko lake linkalola chilichonse chimene wabwera nacho m'mutu. GTA V inatuluka mu 2013, ndipo yotsatira yake yatenga zaka zoposa 12. Chochitika chimodzi chikadya miyezi ya anthu ambiri, ojambula, oyika mawu, ochita zisudzo ovala zovala zojambulira mayendedwe a thupi, palibe amene angalole kuti iwe uchiphonye chifukwa wadzera njira yako. Ndiye amakumanga. Tsatira munthu uyu, ima pamalo apa, dina apa.

Red Dead Redemption 2 ya 2018, ya Rockstar yomweyo, imaonetsa mbali zonse ziwirizi. Ukakhala wekha kutchire ndi hatchi yako, dzikolo ndi lamoyo: matope amakakamira zovala, ndevu za Arthur Morgan, munthu amene umamulamula, zimakula, nyama zimasakana zokha, munthu amene unamuthandiza panjira ukhoza kudzakumana naye m'tauni akukukumbukira. Ndimaikonda gemuyi ndi mtima wonse. Koma mishoni zake zambiri zimafuna njira imodzi yokha, ndipo ukapatuka pang'ono pamene akufuna, imakuuza kuti walephera. Arthur akamatsegula kabati kapena kusenda nyama, umadikira kuti amalize kusuntha kulikonse kwa mkono wake. Ena amati kumeneko ndiye kulemera kwa gemuyo, ena amati kuchedwetsa. Ine ndikuti kunja kwa mishoni ndi ufulu, mkati mwa mishoni ndi filimu imene wakupatsa pad kuti uigwirizire. Ngati GTA VI ili ndi poterera, ndi pamenepa. Thukuta lonyezimira pakhungu silindiopsa. Chimene ndikuopa n'chakuti kuba galimoto n'kuthawa apolisi m'njira yanga kudzasanduka kutsatira kadontho pamapu chifukwa chochitika chokongola chikundidikira pakona inayake.

Nkhani ya 30 ndi 60

Apa ndi pamene kaonekedwe ndi kaseweredwe zimalimbirana mphika umodzi zenizeni. Makina ali ndi mphamvu yowerengeka. Gemu ikamajambula zithunzi 30 pa sekondi, chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 33 oti chikonzedwe. Ikamajambula 60, chili ndi pafupifupi 17 okha. Wopanga akafuna kuwala koonekera m'magalasi, khamu la anthu pagombe ndi tsitsi louluka, amafuna nthawi yochuluka pachithunzi chilichonse, ndiye amatsikira ku 30. Mtengo wake umaulipira ndi zala: ukakhotetsa galimoto, imamva mochedwerapo pang'ono. M'vidiyo ya pa YouTube kusiyanaku sikumveka, chifukwa pad siili m'manja mwako. Mu Seputembala 2024, poonetsa PlayStation 5 Pro, Mark Cerny, amene anatsogolera kupanga makinawo, ananena kuti osewera akapatsidwa mwayi wosankha, pafupifupi katatu mwa kanayi amasankha kuyenda bwino kwa gemu kusiyana ndi kukongola. Anthu akakhala pampando amasankha ndi manja, ngakhale pogula anasankha ndi maso. GTA V pa PlayStation 3 ndi Red Dead Redemption 2 pa PlayStation 4 zonse zinkayenda pa 30, ndipo GTA V inafika pa 60 pamakina a Sony mu 2022. Rockstar ili ndi chizolowezi chosankha dziko lodzaza m'malo mwa liwiro, ndipo ngati zala zanu zinazolowera 60, limeneli ndi funso loyamba kulifufuza gemu ikatuluka.

Zimene taonetsedwa

Trailer yoyamba inatuluka mu Disembala 2023 ndipo inaonedwa kupitirira 90 miliyoni pa YouTube m'maola 24. Yachiwiri inabwera mu Meyi 2025, ndipo Rockstar inati zonse zinajambulidwa pa PlayStation 5, theka kusewera, theka zochitika zongoonera. Nkhani yake ndi ya Jason ndi Lucia, m'dera lotchedwa Leonida, lotengera Florida, mmene muli Vice City. Tsiku lotuluka linali la mu 2025, linasunthira pa 26 Meyi 2026, kenako pa 19 Novembala 2026. Makina amene anatchulidwa ndi PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S.

Kusuntha kwa tsikuku ine sikundidandaulitsa, ndipo amene amatukwana pa intaneti gemu ikachedwa ndimawadabwa. Ndi anthu omwewo amene amalira ikatuluka yosapsa. Cyberpunk ija inasunthidwa katatu mu 2020 yokha ndipo inafunikabe nthawi ina. Patapita zaka, itakonzedwa, anthu ambiri anaitamanda, koma amene analipiriratu anali atamwa kale chowawa. Chimene chimandipweteka n'chakuti kulipiriratu kulibe phindu kwa wosewera masiku ano. Kale madisiki ankatha m'masitolo, ndiye kunali chifukwa chosungitsa. Gemu yokopera pa intaneti siitha. Ukalipira miyezi isanakwane, wangopereka mphamvu yako yokhayo, mphamvu yonena kuti ayi, posinthana ndi kachovala ka munthu wa mugemu. Ndinachita zimenezi kamodzi ndipo sindidzabwerezanso, ngakhale gemu yake ipangidwe ndi anthu amene ndimawakhulupirira.

Komanso ndinene chilungamo kwa inu amene mukuiteteza. Rockstar siili ngati amene anapanga gemu yanga ija. GTA V yagulidwa kupitirira 200 miliyoni, ndipo anthu sakhala zaka zoposa 10 mugemu chifukwa cha mitambo yokongola. Amakhalamo chifukwa muli zochita. Gombe lodzaza anthu la mu trailer ya GTA VI likhoza kukhala bwalo losewerera lenileni, ngati anthuwo amathawa, amakwiya, amaitana apolisi, amakuzindikira ukabwerera.

Ndiye yankho ndi ili. Nonse awiri mukukangana za trailer, ndipo trailer yodulidwadulidwa singakuuzeni mmene galimoto imamvekera pakona. Musagule PlayStation 5 chifukwa cha gemu imodziyi pokhapokha ngati pali ina imene mukufuna kusewera lero. Ikatuluka dikirani sabata imodzi, mupeze vidiyo ya munthu wamba akusewera mphindi 30 osadula, pamakina omwe mukufuna kugulawo, ndipo muwerenge kuti ndi mphindi zingati zimene iye akulamula. Ine ndikadzaigwira, mishoni yoyamba yothawa apolisi ndidzakhotera kumene sanandiuze, ndione ngati idzandilole.