Za makutu a bambo anu aja, musadikire

Achemwali, mwafunsa kuti bambo akubayidwa jakisoni wa TB yosamva mankhwala ija ndiye ayamba kumva kulira m'makutu, kodi zitha zokha? Ayi musadikire, mawa lomweli kwerani nawo chapa (minibasi) mubwerere kuchipatala.

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, m'menemo muli timaselo tatsitsi pafupifupi 15,000 khutu limodzi, ndi timeneti timatumiza mawu ku ubongo. Timaseloti tikafa tafa basi, sitimeranso. Kwa mbalame ndi nsomba timameranso koma ife anthu ayi, zodabwitsa eti. Majakisoni ngati kanamycin, amikacin, streptomycin ngakhale gentamicin yemwe amapha timaselo timeneti, ndipo amayambira tomwe timamva mawu opyapyala aja.

Malume anga kwathu ku Ulongwe zinawachitikira, ankati muli nyenje m'mutu usiku onse ife nkumaseka, kenako foni ikalira m'thumba osaimva, adzukulu akamayankhula iwo amvekere ana inu bwanji mukung'ung'udza. Pomwe timazindikira zinali zitapita kale, pano timachita kuwakuwira.

Ndiye mukafika auzeni adokotala kuti makutu akulira kuyambira tsiku lakuti, pemphani awayeze makutu ndi magazi a impso, poti mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso ndiye impso zikafooka amadzadza m'thupi nkumawononga kwambiri. Ndi kutentha kwa ku Tete kuno amwenso madzi okwanira. Funsani ngati angawasinthire ku mapilisi, chifukwa kuyambira 2018 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, anati kanamycin ndi capreomycin asiyidwe pa TB imeneyi, m'malo mwake pali mankhwala akumwa ngati bedaquiline. Ngati amamwanso furosemide, mapilisi okodzetsa aja a anthu otupa miyendo, nenani, awiriwa akakumana khutu limavulala msanga.

Koma chonde asasiye okha mankhwala kunyumba, TB imeneyi imapha ndipo apatsira ana m'nyumbamo. Wosintha ndi dokotala.

Wina wakomenta kuti naye kwinini anamuliritsa makutu nkusiya yekha. Zoona, za kwinini ndi asipirini wambiri nthawi zambiri zimatha ukasiya kumwa, koma jakisoni uyu ndi nkhani ina, amatha kupitiriza kuwononga ngakhale atamaliza kubayidwa. Pakadali pano kuchigayo asapite, ndipo ngati amagwira ntchito pafupi ndi mashini kumigodi ya malasha ku Moatize azivala zotseka m'makutu zija.