Kodi bokosi la matabwa lingalowe m'malo mwa mphako ku Chikwawa?

Mphunzitsi wina wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, wanditumizira imelo. Akuti mitengo ikuluikulu ya tsanya kwawoko inathera ku makala, ndiye iye ndi ana a kalabu ya zachilengedwe akufuna kukhoma mabokosi m'mitengo kuti mbalame zizipeza poikira mazira. Anaona mabokosi otere kuno ku Thyolo, ndipo akufunsa ngati angangotengera momwemo, denga nkuikapo lata.

Aphunzitsi, latalo lisiyeni kaye. Kuno tili pamtunda, chiperoni chimatipeza, mitengo ndi yamthunzi. Mukangotsetsereka kulowa m'chigwa cha Shire nyengo ndi ina, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Vuto ndi loti dzira limakula bwino pa madigiri 37 kapena 38, ndipo likakhalitsa pamwamba pa 41 mwana amafera mkati. Kukazizira make amafungatira nkulitenthetsa, koma chisa chonse chikatentha alibe pothawitsira.

Mphako ya mumtengo wamoyo ili ndi khoma lochindikala, komanso thunthu lake lili ndi madzi. Dzuwa likaswa mtengo mkatimo mumachedwa kutentha, usiku mumachedwanso kuzizira. Mlambe ndiye umaposa yonse poti thunthu lake ndi nkhokwe ya madzi. Thabwa lopyapyala silichita zimenezi: dzuwa likaliwomba, mkati mumatha kutentha kuposa panja.

Chinyezi ndicho anthu amachiiwala. Dzira limapuma kudzera m'timabowo ta chigoba, ndipo pofika poswa limakhala litapepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse chifukwa cha madzi otuluka. Mpweya ukauma kwambiri limataya madzi ochuluka, kakhungu ka mkati kamauma nkumamatira mwana, ndiye amalephera kutuluka. Oweta nkhuku amene amaswetsa ndi makina akudziwa chifukwa chake amawonjezera madzi m'masiku atatu omaliza mwa masiku 21 aja. Ana akaswanso, madzi awo onse amachokera m'chakudya chimene makolo abweretsa. Kukatentha amachita wefuwefu kuti adziziziritse, ndipo kupuma kotereku kumawamaliza madzi m'thupi.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya mbalame za mlomo wokhota wachikasu, abale ake a nang'omba, za m'chipululu cha Kalahari. Yaikazi imalowa mumphako nkudzitsekera, pakhomo nkumata mpaka kutsala kampata kolandirira chakudya kwa yaimuna. Ili momwemo imathothoka nthenga za m'mapiko, choncho ngakhale mutenthe bwanji siingauluke. Ofufuza a ku yunivesite ya Cape Town anatsatira mbalamezi m'mabokosi kumalo osungirako zachilengedwe a Kuruman River Reserve ku South Africa kuyambira 2008 mpaka 2019. Zisa zotulutsa mwana zinatsika kuchoka pa 58 kufika pa 17 pa 100 zilizonse, ndipo pomwe kutentha kwa masana kunkapitirira madigiri 35.7 tsiku ndi tsiku, palibe chisa chinapulumutsa mwana. Si bokosi lokha linalakwa: yaimunanso kukatentha imasiya kusaka nkukabisala pamthunzi, chakudya nkuchepa.



Ndiye mukhome kapena ayi? Khomani, koma thabwa likhale lochindikala, madenga awiri okhala ndi mpata pakati, ndi timabowo totulutsa mpweya m'mwamba. Likhale pamtengo wa masamba ambiri m'chilimwe, monga bwemba kapena mango, osati tsanya amene nthawi imeneyo amakhala atayoyola. Khomo lisayang'ane kumadzulo, dzuwa lamasana ndi lakumadzulo ndilo limapha. Musanasiye kuti mbalame zilowe, ikanimo chopimira kutentha ana aziwerenga 2 koloko masana kwa sabata imodzi, ayerekeze ndi mphako yeniyeni. Akapeza kuti bokosi likutentha kuposa panja, lisunthidwe.

Koma ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kuzungulira mudzi ndi anawo, kulemba mtengo uliwonse wa mphako umene watsala, nkupita ndi mndandandawo kwa amfumu kuti aletse nkhwangwa. Mphako imatenga zaka makumimakumi kuti ipangike, pomwe uvuni wa makala umaimaliza m'sabata imodzi.