Mwana wanu akamasanthula nambala zikuluzikulu, musamuletse

Mayi ena a ku Monkey Bay andilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ali Fomu 3, wadzaza kope lonse pofuna kudziwa ngati 1,148,611, chiwerengero cha anthu a m'boma la Mangochi pa kalembera wa 2018, ndi prime number. Akuda nkhawa kuti mwina akungotaya nthawi pamene mayeso a MSCE akuyandikira.

Mayi, mwanayo akuchita masamu enieni, ndipo ine ndakondwa naye kwambiri. Prime number ndi nambala yoposa 1 imene singagawike popanda chotsala kupatula ndi 1 kapena ndi iyo yomwe. Mukakhala ndi nsomba za chambo 13, simungaziike m'milu yofanana pokhapokha mutaunjika zonse pamodzi kapena kuyala imodziimodzi, pomwe 12 zimalola milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi.

Nambala ikakula sitiyesa mwachisawawa. 1,148,611 ikuthera ndi 1, choncho sigawika ndi 2 kapena ndi 5. Tikaphatikiza manambala ake onse tipeza 22, ndipo poti 22 sagawika ndi 3, nayonso sigawika ndi 3. Tikaigawa ndi 7 patsala 2, ndi 11 patsalanso 2. Chiwerengero cha dziko lonse pa kalembera yemweyo, 17,563,749, sichivuta chotere, chifukwa manambala ake tikawaphatikiza akupereka 42, ndipo poti 42 amagawika ndi 3, nachonso chimagawika ndi 3 (ndi 3 kuchulukitsa ndi 5,854,583), ndiye si prime. Chimene ndikufunitsitsa kuti mumuuze ndi chakuti asavutike kuyesa mpaka miliyoni. Ayese ma prime okha, ndipo alekezere pa square root ya nambalayo (nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 1,148,611), yomwe ili pakati pa 1,071 ndi 1,072, pakuti nambala iliyonse yogawika imakhala ndi choigawa chosapitirira pamenepo. Mwana amene wamvetsa chifukwa cha lamulo limeneli waposa amene wangoloweza yankho.

Nanga phindu lake n'chiyani? Kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta, koma kuwapezanso kuchokera pa yankho lawo kumagonjetsa ngakhale makompyuta amphamvu. Njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anailengeza mu 1977, yatsamira pa mfundo imeneyi, ndipo yakhala ikuteteza malonda ndi mabanki pa intaneti. Ofufuza sanaleke kusaka: mu 2024 anapeza prime yokhala ndi manambala 41,024,320.

Maphunziro a masamu ndi a kompyuta aliko ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo komanso ku Mzuzu University, ndipo amatsegula khomo la uphunzitsi, ntchito za m'banki ndi za inshuwalansi, kapena zoteteza makompyuta. Chonde muonetsetse kuti sakunyalanyaza Chingerezi, chifukwa mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo phunziro limeneli. Mumupatulire madzulo a Loweruka kuti azichita kafukufuku wakeyo, ndipo kopelo akalionetse kwa aphunzitsi ake a masamu.