Kodi insulini yatsopano ndi yamphamvu kuposa yakale?

FUNSO: Adokotala, amuna anga ali ndi matenda a shuga ndipo akhala akudzibaya insulini ya NPH, ija yooneka ngati mkaka, kwa zaka zinayi. Mlamu wanga akuti tiisiye, tifunefune insulini yatsopano yotchedwa glargine chifukwa ndi yamphamvu. Mwezi uno bambowa adzidzimuka kawiri pakati pa usiku, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera. Tisinthe?
Mayi wa nkhawa

YANKHO: Mayi, za mphamvuzo alamu anu alakwitsa, koma glargine ili ndi ubwino wina womwe sanautchule.

Mu 2003 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa Treat-to-Target. Anthu 756 odwala shuga ya mtundu wachiwiri, omwe mapiritsi okha sankawakwanira, anawagawa mwamaere: ena NPH, ena glargine, jakisoni mmodzi pogona. Patatha masabata 24, HbA1c, muyezo wosonyeza mmene shuga yayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inafika cha pa 7 peresenti m'magulu onse awiri. Ndendende. Kusiyana kunaoneka usiku: obaya glargine shuga sinkawatsikira mopitirira kawirikawiri ngati anzawo.

Chifukwa chake n'chakuti NPH imalimba kwambiri patapita maola angapo chibayireni. Mukabaya pogona, imafika pachimake anthu ali m'tulo, m'mimba mulibe kanthu. Glargine imagwira ntchito pang'onopang'ono pafupifupi maola 24. Mu 2017 kafukufuku wa DEVOTE, wa anthu 7,637, anayerekezanso glargine ndi degludec, insulini inanso yatsopano: pa za matenda a mtima zinafanana, koma degludec inachepetsa kutsika koopsa kwa shuga.

Ine chondidetsa nkhawa ndi thukuta lija, chifukwa mwina likusonyeza kuti shuga ikuwatsikira usiku. Zikachitikanso, muwayeze shuga pomwepo. Shuga ikakhala pansi pa 3.9 mmol/L yatsika. Apatseni madzi a shuga ngati akutha kumeza, koma akakomoka musawaike kanthu m'kamwa, thamangirani nawo kuchipatala. Lembani tsiku, ola ndi nambala yake, mupite nazo kwa adokotala awo sabata ino.

Mwina vuto ndi mlingo chabe, kapena amagona osadya mokwanira. Ndimaonanso ambiri osapukusa botolo la NPH m'manja asanakoke mankhwala, ndiye lero abaya yochepa mphamvu, mawa yochuluka. Zimenezi zikakonzedwa koma shuga n'kumatsikabe usiku, pamenepo kusintha kuli ndi chifukwa. Musasinthe nokha ayi: amene amabaya NPH kawiri patsiku, posamukira ku glargine mlingo wake umayamba wachepetsedwa ndi 20 peresenti.