Ulusi wa kaiti unatsala pang'ono kundidula khosi ku Ahmedabad

Achemwali, popeza mwati anzanu a ku koleji akuitanirani ku Gujarat, dera la ku India, pa 14 Januwale, musamvere amene amanena kuti Makar Sankranti, chikondwerero cha pa detilo, ndi tsiku lophika mpunga ndi kuthokoza dzuwa basi. Zimenezo ndi za ku Tamil Nadu, kumene amati Pongal ndipo amasangalala masiku anayi, kuwiritsa mpunga watsopano ndi mkaka mumphika wadothi mpaka usefukire, kenako tsiku lachitatu kusambitsa ng'ombe ndi kuzipaka utoto kunyanga. Ku Punjab amasonkha moto wa Lohri usiku wa pa 13 n'kumaponyamo mtedza ndi chitowe. Ku Gujarat amati Uttarayan, ndipo mzinda wonse wa Ahmedabad umakwera padenga kukaulutsa makaiti. Ine ndinkangodziwa za Pongal chifukwa ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Madurai, mzinda wa ku Tamil Nadu, ndipo umbuli umenewo ndi umene unandipweteketsa.

Makaitiwo amalimbana m'mwamba, aliyense kufuna kudula wa mnzake, choncho ulusi wake amaupaka guluu wosakaniza ndi magalasi operapera. Ulusiwo amautcha manja, dzina limene linandiseketsa poyamba. Wodula mnzake amafuula kuti "kai po che", kutanthauza kuti "ndadula", koma ulusi wodukawo umatsika n'kukakola pamitengo ndi pamapolo a magetsi, n'kupingasa msewu.

M'mawa wa tsiku la Uttarayan ndinabwereka njinga yamoto molipira kuti ndikafike ku mtsinje wa Sabarmati. Ndinaona kuti njinga zambiri zinali ndi waya wopindika ngati uta kutsogolo kwa mahandulo, koma ndinayesa kuti ndi zokongoletsa chabe. Ndikukwera mlatho ndinamva ngati linthumbu landiluma pansi pa chibwano, kenako pakhosi panatentha, ndipo pamene ndinkati ndichotse chinthucho ndi dzanja lamanzere, ulusi wa pinki unandicheka zala ziwiri mpaka mnofu woyera kuonekera. Ndinagwa cham'mbali njinga ili pamwendo, malaya atanyowa kale ndi magazi, nyimbo zikulirabe pamadenga ngati palibe chachitika. Mayi wina wogulitsa mtedza anavula mpango wake n'kundimanga nawo pakhosi, mwana wake akuimba foni ku 108 kuitana ambulansi. Anandisoka masitichi 7, ndipo adokotala anati kolala ya jekete ndiyo inaletsa ulusiwo kulowa kwambiri.

Amene sindinamukhululukire mpaka lero ndi mwini njingayo. Iye anabadwira mumzindamo, njinga imene ankakwera yekha inali ndi waya uja, ndipo anaona bwinobwino kuti ndine mlendo, koma analandira ndalama osanena kanthu. Madzulo anafika kuchipatala, ine n'kumayesa kuti wabwera kudzandizonda, pomwe iye anadzandionetsa galasi la njinga limene linasweka kuti ndimulipire. Enanso ondinyansa ndi ogulitsa ulusi wa nayiloni, umene suduka msanga ngati wa thonje, chifukwa bwalo loona za chilengedwe la National Green Tribunal linauletsa mu 2017 koma iwo amaugulitsabe mobisa, ndipo mbalame zimene umazidula mapiko n'zambirimbiri.

Komabe pitani, achemwali, musakane. Mukakhale padenga ndi banja la anzanuwo, mukadye undhiyu, ndiwo za masamba ndi mbatata zimene amaphika m'nyengo yozizira, komanso chikki, switi ya mtedza ndi chitowe, ndipo mukawapemphe kuti akumangeni pulasitala m'zala musanagwire ulusi. Njinga yamoto musakwere pa 14 ngakhalenso pa 15, popeza tsiku lachiwirilo amaulutsabe. Ngati palibe kuchitira mwina, muonetsetse kuti ili ndi waya kutsogolo ndipo mukulunge sikafu yochindikala pakhosi, monga ndinachitira ine chaka chotsatira pamene ndinadutsanso pa mlatho womwe uja popita kukabweza mpango wa mayi aja.